Mankhwala othamangitsa madzi pa galasi la galimoto: mmene mungawakhalitsire popanda kuboola thumba

Amalawi ambiri okhala ku Tamanda ndi madera ena ozungulira Chipata sakhala mwezi osayenda ulendo. Wina akupita kumaliro ku Mchinji, wina akukagula katundu ku Lilongwe, wina akutsata Great East Road ulendo wa ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 550. Chiyambire Disembala 2022, pamene Purezidenti Lazarus Chakwera ndi Purezidenti Hakainde Hichilema anatsegulira chipata chogwirira ntchito limodzi cha Mwami ndi Mchinji, malole pamsewuwu sasowa. Mvula ikamagwa, lole iliyonse yopishana nanu imakuwazani madzi amatope pa galasi lakutsogolo, ndipo kwa kanthawi mumayendetsa osaona bwino.

N'chifukwa chake ena amagula mankhwala opaka pa galasi monga Rain-X, amene anayamba kugulitsidwa ku America m'zaka za m'ma 1970, kapena Aquapel. Dandaulo lawo limakhala limodzi: "Ndapaka dzana, lero atha kale." Chimene chimawatha si mvula ayi. Ndi fumbi, sopo wochapira zovala ndiponso mawaipa oyatsidwa pa galasi louma. Mukasamala zitatuzi, botolo limodzi likhoza kukutulutsani m'dzinja lonse, kuyambira Novembala mpaka Epulo.

Mmene amagwirira ntchito

Mankhwalawa amasiya kansalu kopyapyala kwambiri kosaoneka ndi maso, kamene kamamatirira ku galasi. Rain-X amapangidwa ndi silikoni, pamene Aquapel amamatirira molimba ndipo amakhalitsa, koma ndi wokwera mtengo. Madzi akagwera pamenepo safalikira, amaundana timadontho tozungulira, ndipo galimoto ikafika liwiro la makilomita 60 kapena 70 pa ola, mphepo imatikankhira m'mwamba. Pa liwiro lochepa, monga m'misewu yadothi ya kumidzi kapena pakati pa tauni ya Chipata, mawaipa amafunikabe. Mankhwala salowa m'malo mwa mawaipa, ndipo amene amayeza galimoto ku bungwe loona za pamsewu la RTSA adzafuna kuona mawaipawo akugwira ntchito.

Kansaluko kamagwira pa galasi lenilenilo basi. Mukapaka pamwamba pa mafuta a utsi wa dizilo, polishi kapena madontho ouma a madzi, kamagwira litsirolo ndipo kamachoka nalo limodzi. Ndalama zambiri zimatayikira apa.

Kukonza galasi musanapake

Ntchito yaikulu ndi imeneyi, ndipo zofunika zake n'zotchipa: ndowa ya madzi, sopo wamadzi wotsukira mbale, vinigala woyera, spiriti wa m'sitolo za hadiweya, ndi nsalu ziwiri kapena zitatu zoyera, makamaka za microfibre.

Yambani ndi kuthira madzi ambiri kuti mchenga utsike wokha. Musapukute galasi lafumbi ndi nsalu youma, chifukwa mumalikanda. Kenako tsukani ndi sopo wa mbale pang'ono, n'kutsukuluza. Galasi likauma, liyang'aneni cham'mbali dzuwa likuwala. Ngati mukuona timizere tozungulira totuwa, timeneto ndi mchere wa m'madzi a pamjigo kapena pachitsime. Sakanizani vinigala ndi madzi muyezo wofanana, nyowetsani nsalu, iyaleni pamalopo mphindi zisanu, kenako pukutani ndi kutsukuluza. Musalole vinigala kuumira pa penti.

Pomaliza pukutani galasi lonse ndi spiriti. Kuti mudziwe ngati layera, liwazeni madzi: akafalikira mofanana paliponse, galasi lakonzeka. Akamadukaduka m'malo ena, pamenepo pakadali mafuta. Yendetsaninso chala pa galasi louma. Loyera bwino limalira kuti tswii.

Kapakidwe kake

Pakani m'mawa kapena madzulo, pamthunzi, galasi lili lozizira ndiponso louma. Dzuwa la Okutobala ku Chipata limaumitsa mankhwala musanawafalitse, ndipo amasiya mizere imene imakuthobwani m'maso usiku magetsi a galimoto zina akakuwalirani.

Donthezani pang'ono pa kansalu kopinda, pakani mozunguliza, theka la galasi kenako theka linalo. Dikirani mpaka galasi lichite mbuu, pakaninso kachiwiri mopyapyala, ndipo likachitanso mbuu pukutani ndi nsalu youma mpaka liwale. Ngati utuwawo ukukanirira, wazani timadzi pang'ono n'kupukutanso. Kuthira ambiri sikuwonjezera masiku, mumangowamwetsa nsalu. Ngati n'kotheka, galimoto igone usiku umodzi osanyowa ndiponso osayatsa mawaipa.

Nthawi yabwino ndi mvula ya chizimalupsa ikangogwa. Mukapaka mu Ogasiti, mphepo ndi fumbi la chilimwe zidzawadya mvula isanabwere, ndiye kuti mwataya ndalama pachabe.

Zimene zimawatha msanga

Choyamba ndi mawaipa. Fumbi lofiira la m'misewu ya ku Tamanda likakhala pansi pa labala la waipa, limapala galasi ngati sandipepa. Musayatse mawaipa galasi lili louma. M'mawa, musanadzutse injini, thirani botolo la madzi pa galasi, dzutsani mawaipa, pukutani labala lake ndi kansalu konyowa. Kamodzi pa sabata lipukuteni ndi spiriti pang'ono. Mudzaona mzere wakuda ukutsalira pa nsalu. Labala likang'aluka kapena kuuma, sinthani. Ogulitsa zipangizo za galimoto ena amagulitsa labala lokha popanda chitsulo chake, ndipo limatchipa. Mawaipa akamadumphadumpha ndi kulira mutangopaka, nthawi zambiri ndiye kuti utuwa uja simunaupukute wonse.

Chachiwiri ndi sopo. Ambiri timathira Boom, Omo kapena sopo wina waufa mu thanki ya madzi a mawaipa. Sopo ameneyu ndi waukali, amachotsa kansalu ka mankhwala kaja, amaumitsa labala komanso amatseka timabowo topopera madzi. M'thankimo thirani madzi oyera okha. Abwino kwambiri ndi amvula, chifukwa alibe mchere: kingani m'ndowa mvula itatsuka kale denga, sefani pa nsalu, sungani m'chigubu. Sopo wa mbale uja ndi wa tsiku lokonza galasi basi, osati wa masiku onse.

Chachitatu ndi kotsukitsa galimoto. Anyamata ambiri amagwiritsa ntchito nsalu imodzi pa matayala, pa bodi ndi pa galasi. Khalani ndi nsalu yanu m'galimoto, muwapatse n'kuwauza mwaulemu kuti, "Achimwene, galasi lakutsogolo madzi okha, sopo ndi polishi ayi." Polishi wa bodi akafika pa galasi amapaka mafuta ndipo mvula ikagwa usiku simuona kanthu.

Chachinayi ndi malo oimika. Mthunzi umathandiza, koma pansi pa mtengo wa mango nthawi ya zipatso pamagwa utomoni ndi zitosi za mbalame, zimene zimafuna kukhula mwamphamvu. Shedi yaudzu kapena yamalata ndi yabwino.

Kuchepetsa ndalama

Magalasi a m'mbali ndi kalilole wakunja sakhudzidwa ndi mawaipa, choncho mankhwala amakhalitsa pamenepo; kupaka kamodzi pa dzinja kumakwana nthawi zambiri. Pa galasi lakutsogolo amayamba kutha pamene mawaipa amadutsa. Mukaona madontho ayamba kufalikira, tsukani kaye bwinobwino, chifukwa nthawi zina ndi litsiro chabe lakwirira mankhwala. Akakanabe, pukutani ndi kuwonjezera kamodzi mopyapyala pamalo okhawo.

Botolo laling'ono la mamililita 200 limapaka maulendo ambiri, ndiye anthu awiri kapena atatu a mpingo umodzi kapena oimika pa siteji imodzi akhoza kusonkherana. Ngati m'bale akuchokera ku Johannesburg kapena ku Lusaka, mutumeni, koma botolo likhale losatsegula. Litsekeni zolimba ndipo musalisiye m'galimoto yotentha, poti limauluka komanso limayaka moto. Lisungeni patali ndi ana.

Ena amapaka mbatatesi yodula kapena fodya pa galasi. Zimathandiza kanthawi kochepa, koma zimasiya chifunga chimene chimamwaza kuwala kwa magetsi usiku. Musapakenso mankhwalawa mkati mwa galasi. Nthunzi ya mkati imachotsedwa ndi fani kapena kutsegula windo pang'ono. Magetsi a galimoto zamakono ndi galasi la chipewa cha njinga yamoto ndi pulasitiki, ndipo zimafuna mankhwala akeake olembedwa kuti ndi a pulasitiki.

Mvula ikakula mpaka osaona galimoto yakutsogolo, mankhwala alionse sangakuthandizeni. Chepetsani liwiro, yatsani magetsi, patukani pamalo abwino mudikire kuti ikate. Abale a ku Mchinji adzakulandiranibe ngakhale mutafika mochedwa.