Mukatola chipolopolo m'munda, musachitsegule

Nthawi yososa ndi kugalauza, khasu limafukula zambiri: mapale, misomali, ndalama zakale, ndipo mwa apo ndi apo zipolopolo. Izi sizodabwitsa kuno kumadzulo kwa Lilongwe. Kuseri kwa nkhalango ya Dzalanyama ndi ku Mozambique, kumene nkhondo yapachiweniweni idatha mu 1992, ndipo mfuti zambiri za nkhondoyo zidalowa m'dziko muno. Mu Disembala 1993 asilikali adalanda zida a Payoniya pa Operation Bwezani, ndipo a Payoniya ena adathawa nazo. Chipolopolo chomwe chidakwiriridwa zaka zimenezo chikhoza kuchita dzimbiri kunja koma m'kati chili chamoyo.

Yambani ndi kuzindikira chomwe mwaona, ndi maso okha. Chigoba chopanda kanthu, chapululu kukamwa, ndiye kuti chidawombedwa kale. Chamoyo chimakhala ndi mutu wake wosongoka, ndipo kumatako kwake kuli kabatani kakang'ono kozungulira. Kabatani kameneka ndiko kamayatsa onga kakamenyedwa. Cha AK-47 n'chotalika pafupifupi masentimita 6. Cha mfuti ya alenje ndi alonda chimakhala chonenepa, chapulasitiki, kawirikawiri chofiira, chachitsulo kumatako kokha. Kabatani kakaoneka kobonyoka koma mutu ulipobe, musanene kuti chidafa. Chimenecho chidamenyedwa n'kukana, ndipo chikhoza kuvomera tsiku lina.

Pali anthu amene amafunsa kuti angachotse bwanji mutuwo kuti atenge onga, kaya wothira mu gogodera, kaya kuti chigobacho akachiike pa sikelo ya ogula zitsulo. Chida chake chilipo ndithu. Ku America ndi ku South Africa, komwe lamulo limalola mwini mfuti wa layisensi kudzipangira zipolopolo zake, makampani monga RCBS ndi Hornady amagulitsa chozulira mitu. China chimaoneka ngati hamala yapulasitiki yamphako: chipolopolo amachitsekera m'kati n'kumenyetsa pa thabwa mpaka mutu utatsomphoka wokha. China chimagwira mutuwo pa makina omangirira pa tebulo. Koma ngakhale eni zidazo amavala magalasi otchinga maso, ndipo amatsegula zipolopolo zomwe akuzidziwa bwino, makamaka zomwe adapanga okha n'kulakwitsa muyeso. Chotola m'tchire, chosadziwika mtundu ndi zaka zake, munthu wanzeru kumeneko sachikhudza. Kuno kwathu nkhaniyo ndi ina: lamulo la mfuti la 1967 silimulola munthu kusunga zipolopolo popanda chilolezo, ngakhale alibe mfuti. Ndiye pulayala, msomali ndi mwala zisayandikire.

Choopsa kuposa zonse ndi moto. Ambiri amaganiza kuti chipolopolo popanda mfuti sichingachite kanthu. Chikatentha chimaphulika, ndipo chigoba chimang'ambika n'kumwaza tizitsulo mbali zonse. Mphamvu yake siyifika pa ya mfuti, komabe kachitsulo kamodzi n'kokwanira kuboola diso la mwana amene wanjuta pafupi kuwotcha mbewa. Choncho mukapeza chimodzi pamalo pomwe mwaunjika mapesi, musayatse. Pomwe papezeka chimodzi pamakhala zinzake, nthawi zina zili m'chitini kapena m'pepala lapulasitiki lomwe lidafumbwa.

Chachiwiri, lekani kulima pamenepo. Musapitirize kukumba kuti muone kuti zilipo zingati. Zikani timitengo mozungulira, patali pang'ono, n'kumangirira kansalu kooneka bwino kapena jumbo. Munthu wamkulu mmodzi atsale chapatali kuletsa ana ndi abusa a ng'ombe. Ana ndiwo amafulumira kuika m'thumba, ndipo mawa lake mudzachipeza pabwalo la sukulu akuchigogoda ndi mwala.

Ngati chinthucho n'chachikulu kuposa chala, chooneka ngati chinanazi chaching'ono, kapena chili ndi zipsepse kumchira, limenelo ndi bomba. Musalisunthe, musalikhudze ndi khasu, musaligende. Bwererani njira yomwe mwadzera, aliyense achoke apite kutali kwenikweni, kuseri kwa chulu kapena nyumba, ndipo foni mukaimbire kumeneko. Zitini za utsi wokhetsa misozi zomwe zimatsala m'mbali mwa msewu pakachitika zionetsero nazonso muzisiye pomwe zili, chifukwa si zonse zomwe zimamaliza kutulutsa utsi wake.

Chachitatu ndi kunena. Apa ndi pomwe anthu ambiri amagwa mphwayi, poopa kuti apolisi akawapanikiza ndi mafunso kuti mfuti yake ili kuti. Manthawo ndi omveka, koma njira yowachepetsera ilipo: musapite nokha, ndipo musanyamule chipolopolocho. Kauzeni anyakwawa kapena agulupu, muitane wapampando wa achitetezo cha m'mudzi, adzaone ndi maso pomwe chili. Iwowa ndiwo aimbe foni kapena akuperekezeni kupolisi ya Namitete, ya Nsaru, ya Kasiya kapena ina iliyonse yapafupi. Kukwera nacho minibasi kapena kabaza n'kudziputira mlandu, chifukwa mukakumana ndi chipikisheni pamsewu wa Mchinji, mawu oti "ndimakapereka" ndi ovuta kuwakhulupirira. Apolisi ndiwo adzatenge, ndipo likakhala bomba iwo amadziwa akatswiri oti awaitane. Pemphani kuti alembe tsiku, malo ndi dzina la wapolisi yemwe watenga, amfumu asunge m'kope mwawo.

Zipolopolo zina sizichokera m'munda. Mwina malemu agogo adali mlenje kapena msilikali, ndipo posesa m'nyumba mwapeza zipolopolo m'sutikesi. Layisensi ya malemu siyikhala ya ana, kotero njira ndi yomweyo. Podikira apolisi, tsekani chipindacho, muchotsemo mbaula, nyali ndi mafuta. Musataye m'chimbudzi, m'chitsime kapena pa dzala. Dzala limatenthedwa, ndipo woyatsa sadzadziwa. Kuyambira 2017 bungwe la African Union lidapatula mwezi wa Seputembala kuti anthu azipereka zida zopanda chilolezo, koma inu musadikire mweziwo.

Ngati ngozi yachitika kale, tsinikizani bala ndi nsalu yoyera mwamphamvu kuti magazi aleke. Kachitsulo komwe kalowa m'thupi musakazule. Diso lovulala musalitikite, musalitsuke, musathiremo mankhwala achikuda. Livindikireni ndi kapu yoyera yaing'ono kuti pasakhudze kanthu, mumange mopepuka. Thamangirani ku St Gabriel's ku Namitete, ku Kabudula kapena ku Nambuma, malinga ndi komwe kuli pafupi. Za diso nthawi zambiri amatumiza ku chipatala cha maso cha Lions ku Kamuzu Central. Wina atsale kuletsa anthu kufika pamalo a ngoziyo, chifukwa mwina sizinaphulike zonse.