Mwana wa Matenda a Shuga Asatsale Popita ku Msasa

Tchuthi chikafika, ambiri a ife timakatsogolera ana a Pathfinder ku misasa ya ku Chileka ndi Lirangwe. Kholo likanena kuti mwana wake amabaya insulin tsiku lililonse, atsogoleri ena amachita mantha n'kumusiya kunyumba. Komatu mu 1925, patangopita zaka zinayi insulin itatulukiridwa ku Toronto, Dr. Leonard Wendt anayamba kale kutengera ana otere ku msasa ku Michigan. Ifenso tingathe, tikadziwa zinthu zitatu.

Choyamba, insulin imaonongeka ndi kutentha, ndipo dzuwa la ku Chileka mukulidziwa. Ngati palibe firiji, ikani botololo m'kachitini kotseka bwino, kachitiniko mukaike mumphika wadothi wokhala ndi mchenga wonyowa, pamthunzi.

Chachiwiri, kuguba ndi kusewera kumatsitsa shuga m'thupi. Mwana yemwe wabaya insulin asadikire nsima yochedwa. Muyeze shuga wake musanayambe ulendo wapansi, ndipo m'chikwama musasowe nthochi kapena buledi.

Chachitatu, dziwani zizindikiro: kunjenjemera, thukuta, njala yadzidzidzi ndi kubalalika maganizo. Shuga akatsika pansi pa 4 mmol/L, sungunulani masupuni atatu a tiyi a shuga m'madzi, amwe. Pakapita mphindi 15 muyezenso, kenako adye. Akakomoka musamumwetse kanthu; mugonekeni chammbali ndipo thamangirani naye kuchipatala chapafupi.

Msasa usanayambe, khalani pansi ndi makolo. Onani buku lake la kuchipatala, mulembe nthawi zobayira ndi muyeso wake, ndipo mugwirizane za yemwe adzagone naye tenti imodzi, chifukwa shuga amatsikanso usiku.