Madzi ankalekezera pati? Makalata a omvera

WOULUTSA: Bambo athu ojambula zithunzi za malo akale afika, ndipo makalata aunjikana patebulo. Yoyamba ndi ya mayi wina wa ku Salima. Akuti: "Inu kunalibeko, nanga mumadziwa bwanji zomwe zinkamera pa dambo zaka zikwizikwi zapitazo?"

KATSWIRI: Mayi, timafunsa matope. Mungu wa maluwa ukagwera m'matope a dambo, momwe mulibe mpweya, suvunda. Timabaya chipaipi pansi n'kuzula matopewo, apansi kwambiri ndiwo akale. Pa maikulosikopu mungu wa udzu ndi wa mtengo safanana. Zigoba za nkhono zimaulula ngati madzi ankayenda kapena anali chithaphwi, ndipo makala amaulula moto. Yotsatira.

WOULUTSA: Mphunzitsi wa ku Chipata akufunsa za mitengo ya ku Kalambo, ngati angajambulire ana asukulu anthu omwe adaisema.

KATSWIRI: Aphunzitsi, jambulani, koma nkhope ayi. Ku mathithi a Kalambo, kumalire a Zambia ndi Tanzania, adafukula zipika ziwiri zopingasana, chapamwamba chosemedwa kuti chikhazikike pa chinzake. Adalengeza mu 2023 kuti zakhala zaka zosachepera 476,000, anthu a mtundu wathu uno asanakhalepo. Mafupa a osemawo sadapezeke. Ine ndikadawajambula chakumbuyo, atawerama m'mbali mwa mtsinje. Ndipo ndibwereze zomwe ndimanena sabata iliyonse: mukapeza mtengo wosemedwa m'matope, musauyanike padzuwa! Uphwanyika ngati bisiketi. Usiyeni momwemo m'chinyontho, kauzeni a ofesi yoona zinthu zakale.

WOULUTSA: Iyi ndi ya mnyamata wa ku Zomba amene akuphunzira kujambula. Akuti adaona m'buku chithunzi cha mudzi wa ku Switzerland womangidwa pa nsanja pakati pa nyanja, ndipo akufuna kuchikopera.

KATSWIRI: Eya, apa ndiye mwandiputa. Achimwene, ikani kaye pensulo pansi. Chithunzicho chili ndi mbiri yake. M'nyengo yozizira ya 1853 mpaka 1854 madzi a nyanja ya Zurich, ku Switzerland komweko, adaphwera kwambiri, ndipo pa Obermeilen anthu adaona zichiri zambirimbiri zitazikika m'matope, pamodzi ndi mapale ndi nkhwangwa zamiyala. Katswiri wina wa zinthu zakale, Ferdinand Keller, adaziyang'ana n'kuganiza za zithunzi zomwe amalinyero adajambula ku New Guinea, za nyumba zoimikidwa pamadzi. Basi, adajambula mudzi wonse uli pa nsanja imodzi yaikulu, mlatho ukupita kumtunda. Chithunzicho chidakongola, chidalowa m'mabuku a sukulu, ana n'kukula akuchikhulupirira ngati kuti winawake adaimapo ndi kamera.

Zidatenga zaka zambiri kuti ofukula ayambe kufunsa funso limene ine ndimafunsa ophunzira anga mpaka amatopa nane: madzi ankalekezera pati? Nyanja sikhala malo amodzi. Inu a ku Zomba mukudziwa mmene Chilwa imachitira, chaka china mabwato, chaka china anthu akuyenda pansi pamene panali nsomba. Zichiri zimene mwazipeza m'madzi lero mwina adazizika pagombe louma. Ndipo mizere ya m'kati mwa mitengo ija, ija imaonjezeka umodzi pachaka, idasonyeza kuti nkhalango ya zichiri idachuluka chifukwa anthu ankamanga n'kumanganso pamalo omwewo. Sizinali za nsanja imodzi. Midzi ina inali pagombe, ina adaikweza kuopa madzi osefukira.

Musandimve molakwa, nyumba za pamadzi zinaliko. Ku Must Farm, ku England, adafukula mu 2015 ndi 2016 nyumba zozungulira zomwe zidaimadi pa zichiri pamwamba pa mtsinje woyenda pang'onopang'ono, cha m'ma 850 Yesu asanabadwe. Zidapsa zikadali zatsopano n'kugwera m'matope, madenga ali chigonere ngati maambulera othyoka. Adapezamo mbale ili ndi phala lotsala, kachipande kamtengo kali momwemo. Apo ndiye wojambula angajambule madzi pansi pa nyumba mtima uli m'malo, chifukwa matope a mtsinje ali pomwepo kumuchitira umboni.

Vuto lathu ojambula ndi lakuti pepala silifuna mpata. Wolemba lipoti akhoza kunena kuti "mwina denga linali la bango". Ine "mwina" ndimujambula bwanji? Ndiyenera kusankha, ndipo chomwe ndasankha ndicho mwana adzakumbukire. Ndinenepo zanga. Ndikuyamba kumene ntchito ndidajambula mudzi wakale wa m'mphepete mwa dambo, ndipo pakona patatsala mpata ndidaikapo kamunda ka chimanga, kokongola, ngayaye zitatuluka. Agogo ena ofukula adangoloza ndi chala, osanena kanthu. Chimanga chidachokera ku America, kuno chidafika chaka cha 1500 chitadutsa. Ndidafufuta mpaka pepala kubooka. Lero ndimaona achinyamata akuika bulugamu kumbuyo kwa anthu a zida zamiyala, mtengo wa ku Australia! Kenaka amawaveka zikopa zong'ambika, tsitsi nyankhalala, ngati kuti anthu oluka nsalu zosalala ngati zomwe adazipeza ku Must Farm sankadziwa kudzisamala...

WOULUTSA: Bambo, nthawi yatithera, ndipo mnyamatayu simunamuyankhe. Akopere kapena asakopere?

KATSWIRI: Akopere, pophunzira kujambula mthunzi wa nyumba m'madzi n'chabwino ndithu. Koma pansi pake alembe kuti "mmene Keller ankaganizira mu 1854". Akatero ajambule china chakechake, mudzi womwewo madzi ataphwera, anditumizire ndione.