Nkhondo Ikatha, Mfuti Zimapita Kuti?

M'phunziro lino tiona chifukwa chake umbanda umakula m'dziko limene langotuluka m'nkhondo, ndiponso zimene anthu wamba angachitepo. Tiwerenge mosinthana, kenaka tikambirane.

Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique inayamba mu 1977. Inatha pa 4 Okutobala 1992, pamene Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasainirana pangano la mtendere ku Rome. Anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa, ndipo ena ochuluka anathawira ku Malawi, m'maboma monga Nsanje, Mwanza ndi Dedza.

Pangano litasainidwa, asilikali anabwerera kwawo. Ambiri anatengedwa kunkhondo akadali ana, choncho analibe maphunziro, munda kapena luso lopezera chakudya. Chimene ankachidziwa bwino ndi mfuti. Mfuti zambiri sizinaperekedwe. Zinabisidwa m'tchire, kenaka n'kumagulitsidwa motchipa. Zigawenga zinayamba kulanda galimoto m'misewu ndi kuthyola nyumba, ndipo mfuti za AK-47 zinaoloka malire kulowa ku South Africa ndi ku Malawi. Paja madzi saiwala khwawa: munthu wozolowera kudya ndi mfuti amabwerera komweko ngati sanaonetsedwe njira ina.

Mu 1995 apolisi a ku Mozambique ndi a ku South Africa anayamba ntchito yotchedwa Operation Rachel, yofukula ndi kuphwanya zida zobisidwa. Chaka chomwecho bungwe la mipingo yachikhristu m'dzikolo, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayesa njira ina. Munthu akapereka mfuti sankamangidwa, koma ankalandira khasu, njinga, malata kapena makina osokera. M'midzi yambiri akuluakulu ankachita mwambo wosambitsa obwera kunkhondo, kuti alandiridwenso ngati ana apamudzi.

Apa tikuphunzira kuti pangano la atsogoleri limaletsa nkhondo, koma silichotsa njala, mantha ndi chizolowezi cha nkhanza. Mfuti imachoka m'manja mosavuta pamene m'manjamo mwaikidwa chida chogwirira ntchito, ndiponso pamene mwini manjawo wapatsidwa malo pakati pa anzake. Imeneyi ndi ntchito ya mudzi wonse.

Mafunso okambirana:

1. N'chifukwa chiyani umbanda unakula nkhondo itatha?
2. Kodi kulanda munthu mfuti n'kosiyana bwanji ndi kumusinthanitsa ndi khasu?
3. M'dera lathu lino, ndi achinyamata ati amene alibe chochita kapena amasalidwa, monga otuluka kundende? Tingayambe bwanji kuyenda nawo mwezi uno?