Dzira Latuluka, Koma Thadzi Lisabwerere M'khola Msanga

Thadzi limene dzira linalikakamira m'mimba, dziralo likangotuluka, ambiri timalibweza m'khola tsiku lomwelo poganiza kuti vuto latha. Nkhuku zambiri zimafera pamenepo. Njira imene dzira ladzera imakhala itatupa, mwina itang'ambika pang'ono, pomwe dzira lina lili kale m'njira, pakuti thadzi loikira bwino limaumba dzira limodzi pa maola 24 mpaka 26. Ntchito yanu sabata imeneyi ndi kulipumitsa kuikira mpaka litachira.

Yambani ndi dzira latulukalo. Ngati latuluka lathunthu, zayenda bwino. Ngati latuluka lophwanyika, kapena mukuona madzi achikasu akuchucha kumbuyo kwa nkhuku, ndiye kuti zina zatsalira m'kati, ndipo zikaola zimapha. Musapisemo chala kuti mutole tizigoba, mungaicheke. Pitani nayo kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu kapena ku ofesi ya zaziweto pa boma la Lundazi tsiku lomwelo. Akakupatsani mankhwala, funsani masiku oti mudikire musanadye mazira kapena nyama yake.

Mukatero, tsukani kumbuyo kwake ndi madzi ofunda, oti chigongono chanu chipirire, muchotse zitosi ndi magazi zomatirira pa nthenga. Pukutani ndi kansalu mpaka iume, kenaka pakani Vaseline pang'ono potulukira dzira. Nthawi zina mupeza kanyama kofiira katatuluka panja. Katsukeni, kawazeni shuga kapena kupakapo uchi, mudikire mphindi 15 kuti kutupa kuphwe, kenaka mukakankhire m'kati pang'onopang'ono ndi chala choyera chopaka Vaseline. Kakamatulukanso mobwerezabwereza, kapena kakayamba kuda, imeneyo si ntchito ya pakhomo ayi.

Tsopano ipatuleni. Nkhuku ikaona chofiira imajompha, ndipo anzake angathe kuitulutsa matumbo m'maola ochepa. Tambala nayenso asaiyandikire. Iikeni m'dengu lalikulu kapena m'katoni yoboola mabowo, pansi mutayala udzu wouma kapena makoko a mtedza, malo opanda mphepo. Kuno kumtunda kwa Lundazi usiku wa Juni ndi Julaye umazizira kwambiri, choncho ikani pambali pake botolo la madzi ofunda lokulunga m'chitenje chakale. Mbaula m'chipinda chotseka ayi, utsi wa makala umapha nkhuku ngakhalenso anthu.

Mdima ndiwo mankhwala aakulu, ngakhale ambiri saukhulupirira chifukwa sugulidwa. Chimene chimauza thupi la thadzi kuti liumbe dzira ndi kutalika kwa kuwala. N'chifukwa chake oweta nkhuku za mazira amayatsa magetsi m'khola kuti kuwala kufike maola 14 mpaka 16 pa tsiku. Inu chitani mosiyana: ipatseni kuwala kwa maola 8 okha kuti idye ndi kumwa, nthawi yotsalayo fundikani dengulo ndi saka, kusiya mpata wa mpweya. Dzira limodzi kapena awiri amene anali kale m'njira angatulukebe, musadabwe, koma muziyang'anitsitsa m'mawa uliwonse. Pa maola a kuwalawo, ikhaleko kanthawi padzuwa lam'mawa, popeza dzuwa limathandiza thupi kupanga vitamini D, yemwe popanda iye kashiamu salowa bwino m'thupi.

Madzi oyera asasowe. Tsiku loyamba sungunulanimo shuga supuni yaing'ono imodzi pa lita, kapena mavitamini a nkhuku ogulitsidwa m'mashopu a zaulimi. Ikakana kumwa, iviikeni mlomo m'madzimo imeze yokha. Osaitsanulira madzi kukhosi, angalowe m'mapapo.

Pa chakudya ndi pamene pagona gwero la vutoli. M'midzi yambiri, kuyambira kwa Mwase mpaka kwa Kapichila, nkhuku yachikuda imadzitolera chiswe, ziwala, nkhono ndi masamba, ndipo imaikira mazira ochepa n'kupuma kuti ifungatire. Koma tagula nkhuku za mazira zachizungu, zoikira pafupifupi tsiku lililonse, tazitsekera m'khola n'kumazipatsa gaga yekha monga tinazolowera. Chigoba cha dzira limodzi chimatenga pafupifupi magalamu 2 a kashiamu, ndipo thadzi loikira limafuna pafupifupi magalamu 4 pa tsiku. Mu gaga ndi m'chimanga mulibe kashiamu wokwanira n'pang'ono pomwe. Kashiamu yemweyo ndiye amapatsa mphamvu minofu yokankha dzira, ndiye akaperewera dzira limakhala lofewa, minofu yofooka, basi lakakamira.

Choncho wiritsani kapena kazingani zigoba za mazira, musinje mpaka zisaonekenso ngati dzira, kuopa kuphunzitsa nkhuku kudya mazira ake. Zigoba za nkhono zootcha n'kusinja zimagwiranso ntchito yomweyo. Ikani m'kambale kapadera, idzitolere yokha. Laimu wa chakudya cha ziweto ndi wabwino, koma laimu wopakira nyumba musayerekeze, amaotcha kukhosi. Masiku atatu oyamba ipatseni chakudya chofewa: gaga wonyowetsa wosakaniza ndi kapenta wosinja kapena dzira lowiritsa, ndi masamba odulidwa a bonongwe, chisoso kapena nkhwani. Ikayamba kudya ndi mphamvu, bwererani pang'onopang'ono ku layers mash, pafupifupi magalamu 120 pa tsiku. Osakaniza okha chakudya ali ndi mwayi, soya ndi mpendadzuwa zimalimidwa kwambiri kuno, koma soya akazingidwe kaye, wosakazinga sagayika bwino. Chimanga ndi mtedza musachulutse. Thadzi lonenepa kwambiri limakhala ndi mafuta opanikiza njira ya dzira.

Mudziwa kuti thadzi lodwalalo likuchira mukaona likuyenda mowongoka, mchira uli m'mwamba, zitosi zikutuluka bwino, mimba ili yofewa. Likamaima chilili miyendo itatakasuka, likumakankha popanda chotuluka, mimba itatupa ndi kutentha, bwererani kwa alangizi. Ndipo nkhuku zingapo zikayamba kuikira mazira ofewa nthawi imodzi, zina zikupuma movutika kapena kupinda khosi, ganizirani za chitopa, mukanene msanga.

Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, pomwe kumbuyo kwauma ndipo palibe chofiira chooneka, libwezeni m'khola usiku anzake atagona, m'mawa muone ngati sakulijompha. Misoti yanu musaiyatsire magetsi isanakwane masabata 18, chifukwa yoyamba kuikira thupi lisanakhwime ndiyo imavutika chonchi kawirikawiri.

Thadzi limene lakakamiridwa dzira kawiri, mutakonza kale chakudya ndi kuwala, nthawi zambiri limabwerezanso. Musatayirepo ndalama zina: dikirani masiku a mankhwala athe, likhale ndiwo.