PHUNZIRO LA MWEZI UNO: GALIMOTO SIIMA POMWEPO

Amayi anzanga, ife a kuno kwa Kapondo msewu sitiulephera. Lero tili ku msika wa pa Kamwendo, mawa ku chipatala pa boma la Mchinji, ena mpaka ku Chipata kudzera pa chipata cha Mwami. Mu msewu wa M12 wochokera ku Lilongwe mumathamanga malole, maminibasi ndi njinga zamoto za kabaza. Pooloka ambiri timati, "Wandiona, aima." Mawu amenewa ndiwo tiwaunike lero.

Kuima kwa galimoto kuli ndi magawo awiri. Gawo loyamba ndi la munthu. Maso a dalaivala aone mwana, mutu uzindikire kuti pali ngozi, kenaka phazi lifike pa buleki. Kwa munthu wamba zimenezi zimatenga pafupifupi sekondi imodzi ndi theka, ndipo nthawi yonseyi galimoto ikuyenda ndi liwiro lomwe lija. Pa makilomita 50 pa ola imayenda mamita 14 pa sekondi iliyonse, kotero imatha mamita 21 buleki isanapondedwe n'komwe. Ngati dalaivalayo watopa, walawa kachasu kapena ali pa foni, mtundawu umatalika.

Gawo lachiwiri ndi la matayala kugwira msewu. Pa tala youma, galimoto yaing'ono ya mabuleki abwino imafuna mamita ena 14. Onse pamodzi ndi mamita 35.

Tsono tamvani apa. Liwiro likafika makilomita 100 pa ola, gawo la munthu limachuluka kawiri, kukhala mamita 42. Koma gawo la buleki limachuluka kanayi, kukhala mamita 56. Chifukwa chake n'chakuti buleki imafuna nthawi yowirikiza kawiri kuti ithetse liwiro lotere, komanso m'nthawi imeneyo galimoto ikudya msewu mowirikiza kawiri. Kawiri kuchulukitsa ndi kawiri ndi kanayi. Onse pamodzi ndi mamita 98, pafupifupi kutalika kwa bwalo lonse la mpira. Dalaivala akhoza kukuonani bwinobwino, kuliza huta, kuponda buleki ndi mphamvu zake zonse, n'kukugundanibe.

Ziwerengerozi ndi za msewu wabwino. Mvula ikagwa, mamita 98 aja amapitirira 120, ndipo mvula yoyamba ndiyo yoopsa chifukwa imasakaniza fumbi ndi mafuta otayika pa tala. M'misewu yathu ya fumbi ndi timiyala matayala amatsetsereka. Nanga lole yodzaza fodya kapena soya? Amene anaonapo ngolo ya chimanga ikukankha ng'ombe pa mtsetse akudziwa kuti katundu safuna kuima.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti ngozi za pa msewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni chaka chilichonse, ndipo ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Ana athu omwe timawatuma mchere ndi sopo tsidya la msewu ali momwemo. Mwana wamng'ono sadziwa kuyeza liwiro la chinthu chimene chikubwera, choncho tisamusiye aoloke yekha.

Poyenda pansi tigwire mbali ya kumanja, kuti galimoto yobwera tiziyiona kumaso. Usiku tivale zowala; chitenje chakuda dalaivala amachiona mochedwa. Tikatsika minibasi tidikire ichoke, tione mbali zonse, kenaka tioloke. Pa kabaza wa njinga yamoto tisachite manyazi kunena kuti, "Achimwene, chepetsani liwiro." Ndalama ndi yathu, ndipo amene tabereka mwana kumsana ndife.

Zochita pa gulu: Tulukani panja. Mayi mmodzi aime pa mtengo, wina ayende mapazi aakulu 35 n'kuima, wachitatu apitirire mpaka 98. Onani kutalika kwake, ndipo kambiranani malo a kwanu kumene ana a sukulu amaoloka pafupi ndi pokhota kapena pa chitunda, pamene dalaivala sangawaone ali patali chotere.