Mmene Bactrim ndi Fansidar Amagwirira Ntchito

Amayi oyembekezera akapita ku sikelo amapatsidwa mapiritsi atatu a Fansidar, n'kumwera pomwepo anamwino akuona. Ambiri amene ali pa ma ARV amamwanso Bactrim tsiku ndi tsiku. Mankhwala awiriwa ndi pachibale, chifukwa onse ali ndi sulufule.

Amapangidwa ku fakitale. Akatswiri amatenga zinthu zochokera ku malasha kapena mafuta a pansi pa nthaka, n'kuziphatikiza ndi sulufule, kenako n'kulumikizako tizigawo tina tosaoneka ndi maso. Anayambitsa mankhwala a mtunduwu ndi dokotala wa ku Germany, Gerhard Domagk. Mu 1932 iye anapeza kuti utoto wina wofiira, wotchedwa Prontosil, unkachiritsa mbewa zimene anazipatsa matenda dala. Mankhwala ena onse a mtunduwu anabwera pambuyo pake.

Kodi amagonjetsa bwanji matenda? Kachirombo kakalowa m'thupi, kamafunika kudzipangira chakudya china chotchedwa folic acid kuti kaswane. Mankhwalawa amafanana ndi chinthu chimene kachiromboko kamapangira chakudyacho. Ali ngati kiyi wolakwika amene walowa mu loko n'kukanirira: chitseko sichitseguka, ndipo kiyi weniweni alibe polowera. Basi kachirombo kamaleka kuswana. Ife sitivutika kwenikweni, poti folic acid timaipeza kale m'ndiwo monga bonongwe, nkhwani ndi nyemba.

Kuno ku Malawi, Fansidar analowa m'malo mwa chloroquine pochiza malungo mu 1993. Pofika 2007 malungo anali atamuzolowera, ndiye boma linabweretsa LA. Masiku ano Fansidar ntchito yake ndi kuteteza mayi woyembekezera, osati kuchiza malungo. Chizolowezi chogula mapiritsi awiri pa okala, kumwa, n'kusiya mutu ukangoleka kuwawa, n'chimodzi mwa zimene zimalimbitsa tizirombo.

Tsono tcherani khutu apa. Pali anthu ena amene magazi awo sagwirizana ndi mankhwala a sulufule. Mukamwa n'kuona totupa pakhungu, kuyabwa, maso kufiira, kapena zilonda m'kamwa ndi pamilomo, lekani kumwa ndipo thamangirani ku chipatala tsiku lomwelo. Musadikire kuti kuche, musayambe mwapita kwa asing'anga poganiza kuti wina wakulodzani. Khungu limatha kusupuka ngati munthu wapsa ndi moto, ndipo ena amafa nazo. Mayi amene akumwa kale Bactrim asamwenso Fansidar. Awauze anamwino asanampatse. Ngati mankhwalawa anakuwenganipo, pemphani adokotala alembe m'buku lanu la kuchipatala, ndipo muzilionetsa kulikonse kumene mukalandire chithandizo.